Mkazi wa msilikali akapita kunja amacheza ndi yani?

Sabata yatha ndinali mu msika wa Limbe kusakasaka nsapato pa kaunjika pamene mayi wina wogulitsa zitenje anayamba kululutira foni ili m'manja. Anzake atamufunsa chimene chachitika, iye anati mwana wake wamkazi wapeza chiphaso chotsatira mwamuna wake amene ndi msilikali m'gulu la nkhondo la ku Britain. Mzere wonse wa zitenje unasangalala. Wina anati, "Mayi, umphawi mwautsanzika basi." Mnyamata wa pa benchi yoyandikana anayamba kale kuwerengetsa kuti paundi imodzi ikusinthidwa bwanji kuseri. Koma pa anthu onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti mtsikanayo akakafika, mwamuna akalawirira ku ntchito, adzatsala ndi yani.

Ine sindinayankhule kanthu, chifukwa kale ndinali mmodzi wa owerengetsa mapaundiwo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi. Chimene ndikufuna kunena lero ndi chimodzi. Banja la msilikali likatumizidwa kudziko la eni, chimene limasowa kwambiri ndi anthu ocheza nawo, ndipo ife otsala kuno, m'malo mokhala anthuwo, timasanduka otolera msonkho.

Achemwali anga aakulu anakwatiwa ndi mnyamata wa kwathu komweko amene analowa usilikali wa ku Britain, monga amachitira achinyamata ena a m'maiko a Commonwealth. M'chaka cha 2010 alamuwo anatumizidwa ku Paderborn, m'dziko la Germany, ndipo achemwali anawatsatira ali ndi mwana wa chaka chimodzi kumsana. Ine nthawi imeneyo n'kuti ndangolowa kumene ku yunivesite. Kunyumba kwathu kunali phwando ngati la mu msika lija, ndipo amalume ananena poyera kuti tsopano nkhani ya fizi yanga yatha.

Mwina wina afunsa kuti asilikali a Britain ankachita chiyani ku Germany. Iwo analowa m'dzikolo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikutha mu 1945 ndipo sanachokemo msanga. Poyamba anali olonda dziko logonjetsedwa, kenaka anakhala oteteza Germany ya kumadzulo pa nthawi imene maiko a NATO ankayang'anizana ndi Soviet Union. Gulu lawo lotchedwa British Army of the Rhine linali ndi asilikali pafupifupi 55,000 kwa zaka zambiri, osawerengera akazi ndi ana, amene anayamba kufika mu 1946. M'matauni monga Osnabrück, Münster, Gütersloh, Herford ndi Paderborn munamera ka Britain kakang'ono mkati mwa Germany. Ku Rheindahlen, likulu lawo limene linatsegulidwa mu 1954 ndi kutsekedwa mu 2013, kunali sukulu, matchalitchi, masitolo ndi nyumba ya kanema, zonse za iwo okha.

Munthu ankatha kukhala kumeneko zaka zitatu osaphunzira ngakhale moni wa Chijeremani. Shuga ndi tiyi ankagula ku NAAFI, sitolo ya asilikali imene inayamba malonda mu 1921. Nyimbo ndi nkhani ankamvera pa wailesi yawo ya BFBS. Makalata ankadzera pa positi ya asilikali, ana ankaphunzira sukulu za asilikali, wodwala ankaonedwa ndi dokotala wa asilikali. Anzanga a malonda mumvetsa bwino izi: fodya, mowa ndi mafuta a galimoto ankagula opanda msonkho, koma mwa muyeso, ndipo kugulitsa katundu ameneyu kwa eni dziko unali mlandu. Kupatukanaku kunayambira pachiyambi penipeni. Mu Malichi 1945 mkulu wa asilikaliwo, Montgomery, analetsa anyamata ake kupatsana moni wa pamanja ndi Ajeremani kapena kulowa m'nyumba zawo. Lamulolo linafewetsedwa m'miyezi yochepa, ndipo mu 1946 maukwati analoledwa, koma chizolowezi chokhala paokha chinatsala.

Uwu ndiwo mpanda woyamba umene mkazi wa msilikali amaupeza. Nthawi zambiri sumaoneka ndi maso, chifukwa nyumba zambiri za mabanja zinali m'tauni momwemo, kunja kwa geti la kampu. Koma munthu akatsika masitepe n'kufika pamsewu, chilankhulo n'chachilendo, zikwangwani n'zachilendo, ndipo amene wakumana naye amangodutsa. Kwathu kuno mlendo akafika pa malo, dzuwa lisanalowe mayi wa nyumba yoyandikana amakhala atabwera kale kudzapempha moto kapena mchere, chonsecho akufuna kungodziwa kuti wabwerayu ndi wa kuti. Kumene kuja kulibe wopempha mchere. Lamulungu masitolo amakhala otseka, misewu ili zii, ndipo mu Disembala mdima umagwa nthawi itangopitirira 4 koloko masana.

Mpanda wachiwiri uli mkati mwa woyambawo, ndipo ndi wa maudindo. Usilikali kulikonse umayenda ndi nyota za paphewa. Maofesala ali ndi malo awo odyera ndi kumwera, masajeni ali ndi awo, anyamata wamba ali ndi awo. Nyumba za maofesala zimakhala mbali yawoyawo. Mkazi savala yunifolomu, koma udindo wa mwamuna umamutsatira ngati chithunzithunzi. Palibe lamulo lolembedwa loti mkazi wa kopolo asacheze ndi mkazi wa meja, koma aliyense amadziwa kuti chimene wanena pa tiyi Lachitatu chikhoza kufika ku ofesi Lachinayi. Kotero munthu amaseka mosamala, amadandaula mosamala, ndipo mavuto a m'banja amawameza. Anthu a ku Zomba amene anakulira pafupi ndi Cobbe Barracks, kapena a ku Mzuzu pafupi ndi Moyale, sindikuwauza zachilendo. Kusiyana kwake n'kwakuti mkazi wa ku Cobbe zikamukwana amakwera minibasi n'kukapuma kwa amayi ake masiku awiri.

Onjezerani apo kuti banja la msilikali limasamutsidwa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Mnzako amene wayamba kumukhulupirira, amene ungamusiyire mwana ukapita ku chipatala, tsiku lina umangoona lole yaima pakhomo pake. Ana nawo amazolowera kutsanzika. Ubwenzi wotere uli ngati dimba lobwereka, ukangoti ndiwo zakula mwini wake wabwera.

Zonsezi ine sindinkazidziwa, ndipo kunena zoona sindinkafuna kuzidziwa. Chimene ndinkaona ndi zithunzi pa Facebook: achemwali atavala jekete lalitali, chipale chofewa kumbuyo, mwana ali m'kangolo. Mu Okutobala 2011 alamu anatumizidwa ku Helmand, m'dziko la Afghanistan, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Nkhondo imeneyo inapha asilikali a Britain oposa 450. Panali lamulo lakuti msilikali akafa kapena akavulala kwambiri, mafoni ndi intaneti za m'kampu zinkatsekedwa mpaka abale ake atauzidwa, kuti mkazi asamve za maliro a mwamuna wake m'mphekesera. Lamuloli linali lanzeru, koma tanthauzo lake kwa otsala linali lakuti foni ikangokhala chete, mkazi aliyense ankadziwa kuti kwachitika zoopsa, osadziwa kuti zagwera yani. Ankakhala pazenera kuyang'ana ngati galimoto yachilendo iime pakhomo pake kapena pa khomo la mnzake.

Mu Januwale 2012 ngongole ya fizi itandifika pakhosi, ndinawafulasha achemwali, iwo n'kuimba. Sindinawafunse n'komwe kuti adzuka bwanji.

"Achemwali, kuno zavuta. Akuti ndikapanda kumaliza fizi sindilemba mayeso."

Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Iwe, ukudziwa kuti lero ndi tsiku lachitatu ndisanamve mawu a alamu ako?"

Ine ndinati, "Pepani, aimba. Nanga ndalama zija mutumiza liti?"

Anatumiza theka. Chaka chomwecho sukulu ndinaisiya, pa zifukwa zambiri zimene zina zinali zanga ndekha, koma kwa aliyense wondifunsa ndinkati ndili ndi mchemwali ku Ulaya koma ndi woumira. Sindinadziwe kuti malipiro a msilikali wamba akachotsapo nyumba, chakudya, zovala za nyengo yozizira ndi mapepala a chilolezo cha mkazi ndi mwana, chotsala sichingadyetse mudzi. Sindinadziwenso kuti mwezi womwewo anthu ena anayi a pa banja pathu anali atawaimbira, aliyense ndi vuto lake, ndipo panalibe amene anafunsa za iwo.

Izi anandiuza mu 2014 atabwera ku tchuthi, tili pakhonde usiku magetsi atazima. Sanakalipe. Anangoti, "Mchimwene wanga, masiku amenewo foni ikalira ndinkathamanga poganiza kuti ndi alamu ako. Ndikaona nambala ya ku Malawi mtima unkagwa, chifukwa ndinkadziwa kuti ndi bilu." Tangoganizani, abale, nambala ya kwanu kukhala chinthu choopa kuchiona.

Ndinawafunsa kuti nanga anapirira bwanji. Yankho lawo ndi limene landichititsa kulemba nkhani ino. Anati anawapulumutsa ndi anthu awiri, ndipo onse awiri sanali abale. Woyamba anali mayi wa ku Fiji wa pa nyumba yapamwamba, amene mwamuna wake analinso ku Helmand. Anthu a ku Fiji alipo ambiri m'gulu la nkhondo la Britain, ndipo amadya chinangwa ngati ife a kunyanja. Tsiku lina mayiyu anagogoda ali ndi mbale ya chinangwa chophika, analowa osadikira kuuzidwa, anakhala pansi pa kapeti n'kunyamula mwana. Kuyambira pamenepo mafoni akatsekedwa ankagona nyumba imodzi. Achemwali ankaphika nsima ya ufa wogula ku kasitolo ka anthu a ku Africa, mnzawoyo n'kubweretsa nsomba yophikira mkaka wa kokonati.

Wachiwiri anali agogo ena a Chijeremani. Achemwali ndi Mkatolika, ndipo tsiku lina anangoganiza zolowa m'tchalitchi cha m'tauni ngakhale sankamva chilankhulo, poti Misa ndi imodzimodzi kulikonse, munthu amadziwa pogwada ndi poimirira. Mwana atayamba kulira, agogo amene anakhala nawo benchi imodzi anatambasula manja. Sabata yotsatira anawasungira malo. Ndi iwowa amene anawaphunzitsa mawu oyamba a Chijeremani, kuwasonyeza msika wa alimi kumene masamba ndi otsika mtengo, ndi kuwatengera ku Libori, chikondwerero cha masiku asanu ndi anayi chimene chimachitika ku Paderborn kumapeto kwa Julaye pokumbukira Liborius woyera. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Mwambiwu achemwali anaumvetsa bwino ali kutali ndi amene anawaphunzitsa.

Tsono wina anganene kuti ndikukokomeza, poti magulu a nkhondo a maiko olemera amasamala mabanja. Zoonadi amayesetsa, ndipo achemwali amayamikira. Bungwe la SSAFA lakhala likuthandiza mabanja a asilikali a Britain kuyambira 1885. Gulu lililonse limakhala ndi ofesala woona za umoyo wa mabanja, pamakhala tiyi wa amayi, maulendo a ana ndi misonkhano yofotokoza za amuna amene ali ku nkhondo. Koma tiyi wa pa ndandanda amatha 12 koloko, ndipo usiku ndi wautali. Ofesi ingakupatse nambala yoimba zikavuta, koma siingakupatse munthu wodziwa kuti lero sunadye.

Winanso anganene kuti mpanda uja unali ndi chifukwa chake, ndipo akunena zoona. Mu 1987 gulu la IRA linaphulitsa bomba la m'galimoto ku Rheindahlen. Mu 1989 linapha mkazi wa Chijeremani wa msilikali wa Britain pafupi ndi Dortmund, ndiponso msilikali wa ndege pamodzi ndi mwana wake wakhanda ku Wildenrath. Mabanja amene anaona zimenezi sitingawadzudzule chifukwa chokhala mochenjera. Koma mpanda umene umaletsa mdani kulowa ndi womwewo umaletsa mnansi, ndipo gulu la nkhondo lanzeru limadziwa kuti banja lodana ndi anthu olizungulira silikhala pa mtendere.

Phunziro limeneli ife Amalawi tinalilipira kale, ngakhale ambiri sitidziwa. Mu 1899 atsamunda anatenga gulu la asilikali olembedwa m'dziko muno, amene pambuyo pake anadzakhala mbali ya King's African Rifles, n'kulitumiza ku chilumba cha Mauritius pamodzi ndi akazi ndi ana. Anthu a pachilumbapo sanawalandire, ankawanyoza iwo ndi akazi awo omwe. Kumapeto kwa chakacho asilikali ena anatuluka m'kampu n'kukachita chiwawa kwa anthu oyandikana nawo. Anawasamutsira pa kachilumba kotchedwa Flat Island, ndipo mu 1900 anawatumiza ku Somaliland. Malipiro analipo, chakudya chinalipo, koma moni panalibe, ndipo zinathera pamenepo. Ndimaganizira amayi aja, agogo a agogo athu, amene anali asanaonepo nyanja ya mchere, atakhala pa chilumba cha eni opanda wowabwereka mtondo.

Ka Britain ka ku Germany kaja lero kanatha. Mu 2010 boma la David Cameron linalengeza kuti asilikali abwerera kwawo, ndipo pofika 2020 ambiri anali atachoka, kungotsala ochepa m'malo monga Sennelager pafupi ndi Paderborn. Koma mabanja akutumizidwabe kwina, monga ku Cyprus, ndipo kwa mtsikana wochokera ku Ndirande kapena ku Kawale, ngakhale kampu ya ku England komweko ndi kunja. Kotero funso lija likadalipo.

Kwa inu ophunzira amene mukulota usilikali wa kunja, kapena amene chibwenzi chanu chili kale m'yunifolomu, ndikuti funsani musanakwere ndege, poti safunsa anadya phula. Funsani kuti mapepala a mkazi ndi ana adzalipira ndani. Mu 2022 boma la Britain linachotsa ndalama zolipira chilolezo chokhazikika kwa asilikali a Commonwealth amene agwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, koma ganizo la chaka chimenecho silinakhudze akazi ndi ana awo. Mtsikana asapite ndi sutikesi yokha. Apite ndi satifiketi yake, aphunzire kuyendetsa galimoto, ndipo akafika aphunzire chilankhulo cha eni dziko ngakhale atauzidwa kuti akhala zaka ziwiri zokha. Mkazi amene moyo wake wonse uli pa nambala ya ntchito ya mwamuna amavutika kawiri banja likagwedezeka, chifukwa nyumba ndi ya ntchito, anzake ndi a ntchito, ndipo chilolezo chokhalira m'dzikomo chimadalira ukwatiwo.

Kwa boma lathu ndikuti nalo lili ndi mbali yake. Timatumiza maofesala a gulu lathu la nkhondo kukagwira ntchito m'maofesi ena a akazembe, ndipo amapita ndi mabanja. Msilikali amakonzekeretsedwa, koma ndi bwino kuti mkazi kapena mwamuna wake ndi ana nawonso azikonzekeretsedwa, auzidwe za sukulu, za chipatala, za malamulo a ntchito ndi za Amalawi ena amene ali kumeneko. Ndipo mabanja a asilikali amene akhala akupita ku Democratic Republic of Congo kuyambira 2013, ngakhale amatsala kuno, nawo amadziwa kudikira foni. Mu Novembala 2018 tinataya asilikali asanu ndi mmodzi pafupi ndi Beni. Mkazi amene mwamuna wake ali ku ntchito yotere asamachezeredwe pa tsiku lokha limene alawansi yatuluka.

Koma mawu anga aakulu akupita kwa ife, abale otsala, anzanga a mu msika ndi a m'mahositelo. Sindikunena kuti kupempha thandizo n'kulakwa. Zinthu n'zovuta, kwacha ikugwa, ndipo chibale ndi fupa sichiola. Amene ali ndi kangachepe athandize anzake, umo ndi mmene tinaleredwera. Koma chibale chimayenda mbali ziwiri. Masiku ano kuimba pa WhatsApp kumangofuna bandulo ya ndalama zochepa. Imbani tsiku limene mulibe vuto. Muuzeni kuti mvula yagwa, kuti mbuzi ya amalume yaswa awiri, kuti mnzake wa ku pulayimale uja wakwatiwa. Mufunseni kuti wadya chiyani ndipo wacheza ndi yani. Akakuuzani kuti mwezi uno palibe, musamuyimbe mlandu pa mudzi, chifukwa simudziwa chimene akusenza.

Achemwali anga tsopano ali ku England, alamu anapuma usilikali, ndipo mwana uja ndi wamtali kuposa ine. Mayi wa ku Fiji uja amaimbirana nayebe, ndipo agogo aja atamwalira achemwali anakwera ndege kukakhala nawo pa maliro, monga munthu amachitira ndi mayi ake. Ine ndimawaimbira Lamulungu lililonse madzulo. Zinatenga pafupifupi chaka kuti asiye kuyamba ndi mawu akuti, "Kwagwanji?"

Mayi wa zitenje wa mu Limbe uja ndikumufunira zabwino, iye ndi mwana wake. Ngati akuwerenga tsamba lino, kapena ngati mnzake wa pa benchi angamuwerengere, pempho langa ndi laling'ono. Mwanayo akakafika, foni yoyamba yochokera kwanu ikhale yomufunsa ngati wapeza mnzake.